Kompyuta ikayaka n'kuzima, werengani masekondi musanagule power supply ina

Mwezi wathawu mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope ku Luwinga anandibweretsera kompyuta atayikulunga m'chitenje. "Achimwene, ndikaidina imayaka, fani n'kuzungulira, kenako zii. Ndagula kale power supply yatsopano koma palibe chasintha." Ndinaiyatsa maso ali pa wotchi. Patatha masekondi 4 inazima. Ndinayatsanso, 4 omwewo. Vuto linali batani loyatsira, lomwe linamira mkati chifukwa cha litsiro osabwereranso. Kompyuta za padesiki anazipanga kuti munthu akapanikiza batani limeneli kwa masekondi pafupifupi 4 zizime mokakamiza, ndiye iyi inkangomvera lamulo. Ndinazula kawaya ka batanilo pa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, n'kukhudzitsa ndi sikuludiraiva timapini tiwiri pomwe kanali, ndipo inayaka mpaka madzulo. Ndalama za mayiwo zinalowa m'madzi, ndipo zimandipweteka chifukwa zoterezi ndimaziona kawirikawiri.

Power supply ndi kabokosi kachitsulo kumbuyo kwa kompyuta, komwe chingwe cha kukhoma chimalowa. Imalandira magetsi athu a 230 volts n'kuwatsitsa: mawaya achikasu amatulutsa 12 volts, ofiira 5, a olenji 3.3, pomwe akuda ndi obwezera magetsiwo. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mkati mwake muli alonda. Ikaona kuti penapake pali shoti, kapena chipangizo china chikukoka magetsi opitirira muyezo, kapena yatentha kwambiri, imadzizimitsa yokha kuti zinthu zisapse. Ndiye ikazima, nthawi zambiri imakhala ikukuuzani kuti kwinakwake kwavuta. N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa aliyense limakhala lakuti, imatenga nthawi yaitali bwanji isanazime?

Ngati fani ingogwedezeka pang'ono n'kuima sekondi isanathe, ine ndimayamba ndi kufunafuna shoti. Apa m'pofunika kudekha. Zulani chingwe cha kukhoma, tsegulani kompyutayo, muchotse hard disk, choliza ma DVD, khadi ya zithunzi ngati ilipo yapadera, ndi mawaya a USB akutsogolo. Pasiyeni motherboard, processor (ubongo wa kompyuta) ndi fani yake, ndi RAM (kabolodi kakatali ka memory) imodzi. Onetsetsani kuti pulagi yaikulu ya mapini 24 ndi yaing'ono ya mapini 4 kapena 8 ya pafupi ndi processor zalowa mpaka kumveka kuti tswa. Ikayaka n'kukhalitsa, bwezerani zinthu chimodzichimodzi, mukuzimitsa kaye nthawi iliyonse. Chomwe mukangochibwezera kompyuta n'kuzimanso, ndicho chalakwa. Ndapezapo kasikuluwu katagwera pansi pa motherboard, bowo la USB lomwe tizitsulo take tinapindika n'kukhudzana, komanso mphemvu itauma pa mawaya.

Kuno ku Mzuzu tili ndi lathu lapadera. Mvula imachedwa kusiya, ndipo mu June ndi July m'mawa kumakhala nkhungu. Fumbi lomwe linalowa m'kompyuta nthawi ya chilimwe limayamwa chinyontho chimenechi n'kusanduka ngati phala, ndipo phala lotere limadutsitsa magetsi pomwe sayenera kudutsa. Kompyuta yomwe imavuta m'mawa koma masana n'kumayaka bwinobwino ndimayamba ndaipukuta ndi kuiumitsa ndisanaganize zina. Amene mumaika kompyuta pa simenti pansi pa tebulo, chonde ikwezeni.

Kompyuta ikamatha theka la miniti kapena maminitsi angapo isanazime, ganizirani za kutentha. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaiyatsanso nthawi yomweyo imazima msanga kuposa poyamba, chifukwa sinazizire. Kawirikawiri amene walamula kuzimako ndi processor, pamene fani yake yaima, kapena chitsulo choziziritsa chasunthika, kapena mafuta otuwa aja a pakati pa processor ndi chitsulochi auma n'kukhala ngati choko. Ikaninso dzanja kumbuyo kwa power supply. Ngati ndi yakale ndipo sipakutuluka mphepo, fani yake yagwira.

Palinso yomwe imayaka bwino koma n'kuzima ikangoyamba ntchito yolemera, monga kukonza vidiyo ya ukwati kapena masewera. Imeneyi ndiye ndimaikayikira power supply yeniyeniyo: mwina ma capacitor ake (tizipangizo tosunga magetsi) akalamba, mwina munawonjezera khadi ya zithunzi yaikulu pa power supply ya mawatsi 250. Musanaiweruze, ilumikizeni kukhoma mwachindunji. Ekisitenshoni yolobodoka, UPS (kabokosi kopereka magetsi akazima) ya batire lotha ndi jenereta yosakhazikika zimachita chimodzimodzi.

Amene ali ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, angathe kuyeza power supply payokha. Ichotseni pa chilichonse, mutenge pulagi ya mapini 24, mulumikize waya wobiriwira ndi wakuda aliyense pogwiritsa ntchito kawaya kopanira mapepala, kenako muyatse kukhoma. Ikazima ili yokhayokha chonchi, n'kutheka kuti yatha. Koma fani ikazungulira musafulumire kusangalala, chifukwa zangosonyeza kuti imadzuka. Yezani: wachikasu akhale pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira pakati pa 4.75 ndi 5.25, wa olenji pakati pa 3.14 ndi 3.47. Lumikizanipo hard disk yakale kuti ikhale ndi katundu, muyezenso, poti yofooka imaoneka yabwino ikakhala chabe. Makompyuta ena a m'maofesi a Dell ndi HP ali ndi mapulagi awoawo osiyana ndi amenewa, ndiye pa amenewo musayese za kawayazi.

Zinthu ziwiri ndikupempheni ndi mtima wonse. Ma power supply akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kathu kuno ndi 230. Mukakasunthira ku 115 poyesa mwayi, iphulika pomwepo. Chachiwiri, musatsegule kabokosi ka power supply. Ma capacitor akuluakulu a mkatimo amasunga mavolts opitirira 300, ndipo angathe kuwasungabe ngakhale mutazula chingwe. Kusintha fiyuzi n'kuikapo waya, monga ena amachitira, ndi kuchotsa mlonda womaliza m'nyumba momwe mukugona ana. Ikatsimikizika kuti yafa, gulani ina ya mawatsi ofanana kapena oposerapo, ndipo mupite ndi yakaleyo kushopu kuti muyerekeze kukula kwake ndi mapulagi.

Mayi a ku Luwinga aja anabwera ndi power supply yakale m'jumbo. Ndinaiyeza ali pomwepo: 12.1 pa wachikasu, 5.0 pa wofiira. Tinaibwezera m'kompyuta, ndinatsuka batani lija, ndipo yatsopanoyo anabwerera nayo m'katoni mwake.