Ma Scorchers sanangogwera mu WAFCON ngati mwayi

Chichokereni pa 28 Okutobala 2025 pamene Faith Chinzimu anagoletsa zigoli ziwiri pa Bingu National Stadium n'kuitulutsa Angola, zomwe zinalowetsa ma Scorchers, timu ya dziko lino ya mpira wa amayi, mu WAFCON, mpikisano wa amayi wa mu Africa yonse, mkangano wake sukutha pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Ena akuti atsikanawa alowa WAFCON mwamwayi poti Congo inadzichotsa yokha mu ndime yoyamba, ndiye anangosewera magemu awiri basi. Ena akuti timuyi ndi ya Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, mukawachotsa awiriwa palibe chotsala. Palinso a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi owakonda omwe akufuna tiziti zonsezi ndi zipatso za utsogoleri watsopano. Aliyense ali ndi kachoonadi kake, koma nkhaniyi inayamba kalekale ndipo pomwe inakhotera ine ndimapaona pa chaka cha 2023.

Za kumayambiriro tingodutsamo mwachangu chifukwa ngakhale zolembedwa zake n'zochepa, manyuzipepala a nthawiyo mpira wa amayi ankaupatsa kamzere kamodzi pansi pa nkhani za Bullets ndi Wanderers. Timuyi inaoneka pa COSAFA, mpikisano wa maiko a kummwera kwa Africa, ya 2002 ku Harare komwe Zambia inatithambitsa 8-0. Zaka zotsatira kunali kungoitanidwa kampu pakakhala mpikisano, kusewera, kugonja, kubalalika, kenako zii kwa chaka kapena ziwiri. Mtsikana wofuna masewero ankauzidwa kuti apite ku ntchemberembaye, kumene ma Queens anali kale ndi dzina pa dziko lonse. Wokankha chikopa ankanenedwa kuti ndi mwamuna. Tabitha Chawinga mwini wake anafotokozera nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 kuti ali wamng'ono anamuvula pabwalo kuti atsimikize ngati ndi mtsikanadi. Amene amati ana aku Rumphiwa anangobadwa ndi mwayi azikumbukirako zimenezo.

Tabitha anachoka ku DD Sunshine ya ku Lilongwe kupita ku Sweden mu 2014, pofika 2017 anali wogoletsa kwambiri mu ligi yaikulu ya kumeneko ali ku Kvarnsvedens, kenako China, kenako Inter Milan komwe anamwetsa zigoli 23 mu sizoni imodzi, PSG, Lyon. Temwa anatsata njira yomweyo ya Sweden ndi China mpaka Kansas City Current ya ku America komwe mu 2024 anagoletsa 20 n'kuphwanya rekodi ya ligi ya kumeneko yomwe inali ya Sam Kerr. Koma timu ya dziko sinkathamanga liwiro limenelo ayi. Mu 2019 pa chipulula cha ma Olympics tinaikwapula Mozambique 11-1, tinawina Kenya 3-2 pa Kamuzu Stadium, kukafika kwawo anatibwezera 3-0 n'kutitulutsa. Mu 2020 COSAFA tinathera mu semifainolo. Mu 2021 tinafika fainolo koyamba titachotsa South Africa, Tanzania n'kutilanda chikho ndi 1-0, ndipo chaka chomwecho Zambia inatitsekera khomo la WAFCON ndi kusiyana kwa chigoli chimodzi chokha pa magemu awiri. Kuyandikira kunalipo, kumaliza ndiye kunkavuta.

Tsono 2023. Chaka chimenechi chili ndi nkhope ziwiri ndipo anthu amakonda kukumbukira imodzi yokha. Yoyamba ndi yoti Malawi sinalowe n'komwe mu chipulula cha WAFCON ya 2024. Sikuti tinagonja, sitinasewere. Chifukwa chomwe chinkaperekedwa ndi cha ndalama, ndipo n'zoona kuti thumba la mpira kuno limakhala lobooka, boma limapereka zochepa ndipo ulendo umodzi wa pandege wa timu yonse umadya zambiri. Koma otsutsa ankafunsa kuti nanga ma Flames bwanji ndalama zawo zimapezeka ngakhale akugonja? Ine mbali zonse ndazimva, ya a FAM ndi yomveka pa pepala, koma kuvomereza kuti dziko lokhala ndi osewera awiri ogoletsa kwambiri pa dziko lapansi likhale pakhomo osayesako n'komwe, zimandivutabe.

Nkhope yachiwiri ndi ya Okutobala chaka chomwecho ku South Africa. Kochi Lovemore Fazili anapita ku COSAFA opanda Tabitha, yemwe anali atangolowa ku PSG. Gemu yoyamba inali yolimbana ndi eni bwalo, ndipo inatha 4-3 mokomera ife, Temwa atagoletsa zitatu yekha. Eswatini inadya 8-0, Madagascar 3-1, semifainolo Mozambique 2-1. Fainolo inali pa 15 Okutobala pa Lucas Moripe Stadium ku Pretoria, mdani wake Zambia yemweyo, amene anali ndi chikhocho kuchokera 2022 komanso anali atangobwera kumene ku World Cup. Asimenye Simwaka, mtsikana amene amathamanganso mipikisano ya liwiro, anatsegula chigoli mu chigawo choyamba. Atsikana anagwira gemu mpaka chakumapeto pamene Zambia inapatsidwa penate n'kubweza, ndipo amene tinkaonera tinangoti basi zija zayambanso, tizolowera kulira mphindi zomaliza ife. Koma mu nthawi yowonjezera ija Sabina Thom anaugwedeza ukonde, 2-1, chikho choyamba cha ma Scorchers. Temwa anatenga mphoto ya wosewera bwino komanso ya wogoletsa kwambiri ndi zigoli 9, koma taonani kuti pa fainolo zigoli zonse ziwiri zinachokera kwa ena.

Apa pali chomwe anzathu aku Zambia amatikumbutsa nthawi zonse, chakuti sanabweretse akatswiri awo Barbra Banda ndi Racheal Kundananji, komanso South Africa inatumiza timu yachiwiri osati Banyana yeniyeni. N'zoona zimenezo, sitingazibise. COSAFA maiko akuluakulu amaitenga ngati poyesera ana. Komabe nafenso kaputeni wathu Tabitha kunalibe, ndipo ambiri mwa atsikana athu ankachokera m'matimu a m'zigawo, osewera pa mabwalo afumbi, opanda ligi ya dziko lonse yokhazikika. Kwa ine kufunika kwa chikho chija sikunali pa kukula kwa mpikisano, kunali pa manyazi omwe chinabweretsa kunyumba. Timu yomwe munati mulibe ndalama zoilembetsera yabwera ndi chikho, muyankha chiyani? Kuchokera pamenepo kusalembetsa ma Scorchers kunasanduka chinthu choti palibe mtsogoleri angayerekeze.

Miyezi iwiri pambuyo pake, mu Disembala 2023, Fleetwood Haiya anagonjetsa Walter Nyamilandu pa chisankho cha pulezidenti wa FAM. Sindikunena kuti atsikana ndi amene anagwetsa a Nyamilandu, zifukwa zinali zambiri ndipo zambirizo zinali za mpira wa abambo. Koma utsogoleri watsopano unapeza nkhani ya amayi ili kale pamoto. Anailembetsa timu mu chipulula cha WAFCON ya 2026, magemu opimana mphamvu anayamba kuoneka, ndipo mu 2025 National Bank inaika ndalama mu ligi ya amayi ya dziko lonse. Pamenepo ulemu wawo tiwapatse. Kungoti amene anatsegula chitseko ndi aja anathamanga pa Lucas Moripe.

Ndiye za mwayi zija. Inde Congo inadzichotsa, palibe amene anaikakamiza. Koma Angola tinakumana nayo maso ndi maso, 0-0 ku Luanda, ndipo pa Bingu gemu inakhala yomangika mpaka mphindi zakumapeto Chinzimu asanaimasule. Zigoli zomwe zinatipezera malo ku WAFCON ya ku Morocco sizinagoletsedwe ndi wa kwa Chawinga aliyense. Komanso anthu amasokoneza zinthu ziwiri, CAF, bungwe la mpira mu Africa, inawonjezera matimu a mu WAFCON kuchoka pa 12 kufika 16 chipulula chitatha kale, ndipo omwe analowera pa khomo limenelo ndi Cameroon, Ivory Coast, Mali ndi Egypt. Malawi inali kale m'gulu la 12 aja.