Mageji awiri akusemphana m'ndege: wonama ndi uti?

M'ndege zing'onozing'ono zomwe zimanyamuka pabwalo la Mzuzu kupita ku Likoma kapena ku Chelinda, wokwera amakhala pafupi ndi woyendetsa moti mageji onse amawaona. Ndiye ena amatifunsa ife amakaniko: geji ya magetsi ikuti 28.1 volts, GPS, yomwe nayo imaonetsa mphamvu ya magetsi, ikuti 27.6, kodi pamenepa zili bwino?

Kawirikawiri zida zonsezo zimakhala zikunena zoona. Kungoti sizikuyeza pamalo amodzi.

Ndege zotere zili mitundu iwiri: za batire ya 12 volts, zomwe injini ikalira zimaonetsa cha m'ma 14, ndi za batire ya 24, zomwe zimaonetsa cha m'ma 28. Mwachitsanzo, ndege ya mtundu wa Cessna 172 inasamukira ku 28 volts mu 1978. Magetsi akachoka ku alternator, makina opanga magetsi injini ikamalira, amafika pa bus bar, kachitsulo kogawira zida zonse, kenako amadutsa pa circuit breaker (kachida kodula magetsi akachuluka), pa swichi ya avionics (yoyatsira zida monga wailesi ndi GPS), n'kuyenda m'waya mpaka kukafika ku wailesi kapena GPS. Polumikiza paliponse pamadyako pang'ono, monga mmene madzi amafookera pampopi wa nyumba yakumtunda aneba onse akatsegula yawo. Masamu ake ndi ophweka: polumikiza pokhala ndi 0.03 ohm, mukadutsa 20 amps, pataika 0.6 volt. Zida zina zimayeza magetsi atadutsa kale pa diode yozitchinjiriza (kachida kolola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha), ndipo diode wamba payokha imadya pafupifupi 0.6 kapena 0.7. Onjezanipo geji yakale ya singano, yomwe siiona kusiyana kwakung'ono. Za timapulagi totchajira foni toonetsa manambala tija, ine sindiika mtima.

Choncho kusiyana kwa theka la volt komwe kuli chimodzimodzi chaka ndi chaka sikundisowetsa tulo. Chondidetsa nkhawa n'kusiyana komwe kukukula. Yatsani nyale yoterera ndi pitot heat (chotenthetsera kapaipi koyezera liwiro la ndege): geji imodzi ikatsika kwambiri inzake ili phee, dziwani kuti pakati pa ziwirizo pali nati yomasuka kapena dzimbiri. Kunotu ku Mzuzu, ndi mvula ndi nkhungu zathuzi, ndege yogona panja imamera zobiriwira pamitu ya mawaya, makamaka pawaya wa earth womangidwa kuthupi la ndege. Anthu amathamangira kugula regulator yatsopano (chida chosunga mphamvu ya magetsi pamlingo woyenera), pomwe vuto linali lofuna sandipepa ndi sipanala.

M'ndege ya batire ya 24, mageji onse akatsikira limodzi mpaka 24 kapena 25, alternator yasiya ntchito ndipo zonse zikudya batire. Injini siizima, chifukwa mapulagi ake amayatsidwa ndi magneto, yomwe imapanga yokha magetsi osadalira batire, koma wailesi ndi mafulapu a magetsi (mbali za mapiko zomwe zimatsitsidwa potera) sizichedwa kufa, choncho woyendetsa amazimitsa zosafunika n'kufunafuna potera.

Mlandu wa mageji osemphana timauweruza pansi, ndi multimeter (chida chogwira m'manja choyezera magetsi) yodalirika: pabatire, pa bus bar, ndi papulagi ya chida chokayikitsacho, injini ikulira ndipo zida zonse zili zoyatsa.