Kuteteza ana mu mpingo: mafunso amene timakumana nawo kuno ku Tete

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera tikakhala pansi ndi akulu a mpingo, aphunzitsi a Sande sukulu ndi amayi a chigwirizano ku Angónia, Tsangano ndi Macanga.

Kodi tikati mwana tikunena wa msinkhu wanji?

Aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Ndi mmene likunenera Lamulo 7/2008 loteteza ufulu wa ana m'dziko la Mozambique. Kaya mtsikana anatha msinkhu, analangizidwa, amaimba kwaya ya akuluakulu, ngati sedula yake (chikalata cha kubadwa) ikuti zaka 16, ameneyo ndi mwana.

Makolo avomera, mnyamata wapereka zonse. Abusa angadalitse ukwati wa mtsikana wa zaka 16?

Ayi. Ambiri akukumbukirabe lamulo la mabanja la 2004, limene linkalola ukwati pa zaka 16 makolo akavomera. Mpata umenewo unatsekedwa mu 2019. Lamulo 19/2019 limaletsa ukwati uliwonse wa mwana, wa kutchalitchi, wa kwa mfumu, ngakhale wongolowana. Munthu wamkulu wotenga mwana kukhala mkazi wake amagamulidwa zaka 8 mpaka 12 kundende. Chitomero chokha ndi mlandu kale, ndipo kholo lopereka mwana ndi mtsogoleri wodalitsa ukwatiwo nawonso amayankha kukhoti.

Choncho mlembi wa mpingo aone sedula kapena BI (chitupa cha boma) ya onse awiri dzina lisanalengezedwe. Ena amaganiza zothawira nawo ku Dedza kapena ku Ntcheu kuti akadalitsire kumeneko. Mungotayapo ndalama ya thiransipoti: Malawi nayo inaika zaka 18 m'malamulo ake aakulu mu 2017.

Nanga tsiku ndi tsiku, mpingo uzichita chiyani?

Zambiri sizilira ndalama. Pamene pali ana pazikhala akulu awiri, osati mmodzi. Wopempherera kapena kulangiza mwana azitero chitseko chili chotsegula, pena pansi pa mtengo pamene anthu akuona. Mphunzitsi asamatumize mauthenga usiku pa foni ya mwana, kapena kumupatsa timphatso tobisa. Ndipo munthu wobwera chatsopano asangopatsidwa ana chifukwa choti amapemphera mokweza. Funsani kumpingo kumene wachoka kuti anachokako bwanji.

Pamene timagwa kwambiri ndi pa maulendo. Kwaya yakwera lole kupita ku msonkhano, yafika mdima utagwa, ana ayala mphasa m'kalasi ya sukulu, amayi amene anawaperekeza apita kukasonkha moto wa nsima. Chimbudzi chili kuseri, kopanda nyale. Ndani akudziwa kuti ana anabwera angati, ndipo ndani wagona pakhomo pa atsikana? Zimenezi zikonzedwe lole isananyamuke, mayina alembedwe, makolo adziwe amene akuyang'anira mwana wawo.

Mwana wandiuza kuti wina anamuchita zachipongwe. Nditani?

Mumvereni mpaka amalize. Musamukalipire, musamufunse kuti “iwe unkakatani kumeneko?” Muuzeni kuti wachita bwino kunena, koma musalonjeze kuti musunga chinsinsi, chifukwa simusunga. Musapite naye kukakumanitsa ndi munthuyo.

Ngati wagwiriridwa, thamangirani kuchipatala. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe, ndipo kufulumira n'kwabwino koposa. Zovala zake musachape. Kenako kanenani kupolisi, ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, imene pa Chipwitikizi amati Gabinete de Atendimento. Ngati mwasowa poyambira, imbani 116, Linha Fala Criança. Ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kuimba yekha.

Koma si bwino kuthetsa nkhaniyi mu mpingo momwemu, kusiyana ndi kuchititsa manyazi dzina la Mulungu?

Funso ili ndiye mutu wa zonse, ndipo amalifunsa anthu abwino ndithu. Timadziwa mmene zimayendera. Akulu amakhala mu vesitile madzulo, wolakwa agwada, alira, ati Satana anamunyenga. Amuimitsa mgonero miyezi ingapo, abale ake apereka mbuzi kapena ndalama kwa makolo, nkhani yatha. Mwana uja sanafunsidwe kanthu. Lamulungu lotsatira akhala pa benchi akuona munthu yemweyo akuyendetsa mbale ya chopereka.

Mpingo uli ndi mphamvu pa tchimo: ungalangize, ungadule, ungabweze munthu wolapa. Koma kugona ndi mwana ndi mlandu wa boma, ndipo bwalo la akulu a mpingo, ngakhale la anyakwawa, lilibe mphamvu youthetsa. Kukhululuka kulipo, inde, koma sikufafaniza mlandu, ndipo palibe amene ayenera kukakamiza mwana kunena kuti wakhululuka pamaso pa anthu. Za manyazi, ine ndimaona kuti mudzi umakhala ukudziwa kale. Chimene anthu amadikira n'kuona ngati mpingo ubisa.

Bwanji ngati woganiziridwayo ndi abusa kapena wansembe?

Njira ndi yomweyo, kuchipatala ndi kupolisi. Achotsedwe kaye pa ntchito iliyonse yokhudza ana pamene nkhani ikufufuzidwa. Uku si kumuweruza, n'kuteteza onse awiri. Kwa Akatolika, Papa Francisco anakhazikitsa lamulo mu 2019 lakuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yolandirira madandaulo otere, ndiponso kuti ansembe ndi asisitere akamva nkhani azinena kwa akuluakulu a mpingo. Mipingo ina idziwitse sinodi kapena likulu lawo. Chimene sichiyenera kuchitika n'kumusamutsa mwakachetechete, kuchoka ku Ulónguè kupita ku Furancungo, ngati kuti kumeneko kulibe ana.

Mtsikana wa zaka 15 wa mu kwaya wapezeka ndi pakati. Timudule?

Musanafunse za kumudula, funsani kuti pakatipo ndi pa ndani ndipo ali ndi zaka zingati. Ngati ndi munthu wamkulu, mtsikanayo ndi wolakwiridwa, ndipo kumupereka kwa mwamunayo kuti “amusunge” ndi ukwati womwe uja woletsedwa. Ayambe sikelo msanga, ndipo asasiye sukulu: chilamulo chakale chokankhira atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku chinathetsedwa mu 2018. Amayi a chigwirizano awiri amuperekeze kwa aphunzitsi aakulu Lolemba m'mawa.