Chiboliboli cha mapoto sichitsukidwa ngati mapoto

Pantchito yanga yosamalira ziboliboli, mawu amene andikwana ndi akuti "amenewa ndi mapoto basi, tingotsuka." Inde ndi mapoto, koma anachoka kukhitchini kalekale.

Subodh Gupta, wobadwa mu 1964 ku Khagaul m'chigawo cha Bihar ku India, ndiye anatchukitsa luso lopanga ziboliboli ndi mapoto ndi ziwiya zina za kukhitchini. Amatenga mbale, ndowa ndi zitini zosanjikiza zonyamuliramo chakudya, n'kuziwotcherera pamodzi. Very Hungry God, chigaza chachikulu cha ziwiya chimene anachionetsa ku Paris mu 2006, chinakakhalanso panja pa Palazzo Grassi, nyumba yoonetsera zaluso ku Venice. Anthu akachiona chikunyezimira amati chitsulo cha ziwiyazo, chotchedwa stainless steel, sichichita dzimbiri. Chimachita.

Chimene chimateteza chitsulochi ndi chromium, mtundu wina wa chitsulo wosakanizidwamo mosachepera 10.5 peresenti, amene akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kosaoneka ndi maso. Mchere ndi mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi chlorine amaboola kachikopako, n'kusiya timaenje tooneka tating'ono pamwamba koma tozama. Waya wokwechera mapoto amasiya tizidutswa ta chitsulo wamba, ndipo timeneto ndito timayamba dzimbiri. Pamene anawotcherera ndiye pofooka kwambiri, chifukwa moto umasokoneza chromium pamalopo, ndipo chiboliboli chimodzi chimakhala ndi malo otere osawerengeka. Madzi amakhazikikanso m'kati mwa mbale zoyang'ana kumwamba.

Chimene chimandiwawabe ndi chiboliboli china cha wosema wachinyamata wa ku India, chopangidwa ndi mapoto akale ogula kwa ogulitsa zitsulo zotha ntchito. Anali opindikapindika, akuda ndi mwaye, ena olembedwa mayina a eni ake m'mbali monga amachitira mabanja ambiri kumeneko. Mwini wa chibolibolicho ataona timadontho tofiira anadikira mpaka dzinja lonse linadutsa. Kenaka anaitana munthu wowotcherera mageti, amene anabwera ndi galayinda n'kupala zonse mbee! Mwaye unapita, mayina anapita. Ndikanaitanidwa pachiyambi, timadonthoto ndikanatichotsa popanda kukhudza mwaye. Koma chimene wosemayo ankafuna kuti tione, manja a amayi amene anaphikira m'mapotomo, palibe angachibwezere, ngakhale iye mwini.

Ndi ziboliboli za Bharti Kher, wosema wina wokhala ku India, ndiye musayerekeze n'komwe kutsuka. Njovu yake ya mu 2006 inakutidwa ndi ma bindi, timadontho timene amayi a ku India amamata pamphumi, ndipo tonseto n'tongomata. Nsalu yonyowa kapena dzuwa lowomba tsiku lonse lingathe kutisendula.

Mukaona dontho lofiira kapena mbale ikugwedera, jambulani tsiku lomwelo, lowetsani chibolibolicho pouma, ndipo lemberani wosema kapena amene anakugulitsani. Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa, mutavala magolovesi, chifukwa thukuta la m'manja lili ndi mchere. Wina akakulonjezani kuti achiwalitsa ngati chatsopano, mufunseni kaye kuti anasamalirapo chiboliboli cha ndani.