Kulandidwa mapointi si kutha kwa timu

Timu ya ku England ikangolandidwa mapointi, mauthenga amayamba kuthamanga pa WhatsApp: "Yagwa, ndalama zatha, akuitseka." Mphekesera zotere sizikhala zoona nthawi zonse, ndipo nkhani ya Everton ikuonetsa bwino.

Mu Novembala 2023 Everton inalandidwa mapointi 10. Mlandu wake sunali woti yasowa ndalama zoyendetsera timu ayi. Malamulo a Premier League panthawiyo ankati timu isaluze ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni m'zaka zitatu, ngakhale mwiniwake akhale mpondamatiki wotani. Everton inapyola malirewo ndi 19.5 miliyoni. Itachita apilo, chilangocho chinatsika kufika pa mapointi 6. Mu Epulo 2024 anailandanso 2, komabe inamaliza ligi pa nambala 15.

Kugwa kwenikweni ndi kuja kwa Portsmouth mu 2010. Ngongole zitaikwana, chuma chake chinaperekedwa m'manja mwa akatswiri oyendetsa makampani ogwa, inalandidwa mapointi 9, n'kutuluka m'ligi.

Nazo za "timu yagulidwa" muzichenjera nazo, kulengeza si kugula. Mu 2023 kunalengezedwa kuti kampani ya 777 Partners igula Everton, malonda n'kupheduka. Mwini timuyi panthawiyo, Farhad Moshiri, anadzaigulitsa kwa kampani ya Friedkin Group mu Disembala 2024.