"Musaigwire, ikugwira bwino"

Zaka zonse zimene ndakonza makompyuta kuno ku Kamwala mu Lusaka, palibe mawu amene anditopetsa ngati amenewa. Munthu wabwera kuti ndimusinthire batire, ndikuyatsa laputopu, ndikupeza Windows 7. Ndikamuuza kuti Microsoft inasiya kuikonza pa 14 January 2020, amandiyang'ana ngati ndikufuna kumudyera ndalama.

Sindikuseka munthu, chifukwa chake ndimachidziwa. Zala zinazolowera. Mukudziwa foda imene muli zithunzi za ukwati wa mlongo wanu, ndipo pulinta yanu yakale ija imamvana ndi Windows 7 yomweyo. Windows 11 nayonso ndi yosankha: imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, pamene malaputopu ambiri a salaula amene timagula muno alibe zimenezo. Ndiye kusintha kwake ndi kugula makina ena, mwezi womwewo wa ndalama za lendi. Onjezani bandulo yodula ndi mantha akuti magetsi athima update ili pakati.

Koma "ikugwira bwino" yanuyo ikungotanthauza kuti sikirini ikuyaka. Microsoft ikasiya kukonza, bowo lililonse limene akuba apeza limakhala choncho mpaka kalekale. Mu May 2017 kachilombo ka WannaCry kanatseka makompyuta m'mayiko ambiri, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu March. Amene anagwidwa ndi aja anati chigambacho tidzaika mawa. Chrome nayo pa Windows 7 inaima pa vesheni 109, siilandiranso zigamba, ndipo ndi Chrome yomweyo imene mukutsegulira akaunti ya kubanki. A Windows 10 musadzitame, tsiku lanu linali 14 October 2025.

Pali amayi ena a ku Chilenje amene sindiwaiwala. Anali msungichuma wa village banking ya azimayi a mpingo wawo, ndipo zonse, wopereka, wokongola, chiwongoladzanja, zinali mu failo imodzi ya Excel. Anabwera chifukwa kiyibodi inali kukana zilembo zina. Nditawauza za Windows yawo, anaseka n'kuti, "Mwana wanga, ine ndakula. Ndiyambenso kuphunzira ngati wa Grade 1?" Ndinati, "Amayi, chonde, koperani failoyi pena pake." Anavomera ndi mutu, anandilipira, anapita.

Patapita miyezi, Office yawo inayamba kulira kuti siinalembetsedwe. Mnyamata wina wa pamsika anawaikira ina "yaulere", atayamba wazimitsa antivirus, pulogalamu yoteteza ku tizilombo, kuti isasokoneze. Sabata isanathe anafika kwa ine m'mamawa, laputopu atakulunga m'chitenje ngati mwana wodwala. Mafailo onse anali atasintha mayina, ndipo mu foda iliyonse munali kalata ya Chingerezi yofuna Bitcoin, ndalama za pa intaneti, kuti awatsegule. Ndinakhala nayo masiku atatu. Failo ija sinatseguke. Nthawi yogawana ndalama inali itayandikira, ndipo mukudziwa mmene anthu amayang'anira msungichuma amene wati mabuku atayika. Anachita kutolera mameseji a mobile money mmodzimmodzi m'mafoni a anzawo. Tsiku loyamba lija ndinali ndi fulashi mu dirowa, ndipo kukopera failoyo sikukanatenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Ine ndinangolankhula.

Za anyamata amenewa ndinene mosabisa. Alipo ambiri m'tauni, ali ndi fulashi imodzi m'thumba ndi mankhwala amodzi pa matenda onse: kufomata, kufufuta zonse n'kuikanso Windows. Kompyuta ikuchedwa, fomata. Sauti yasowa, fomata. Sakufunsani ngati mafailo anu muli nawo kwina. Windows imene amaika ndi yothyola, ndipo kapulogalamu kothyolerako ngakhale iye mwini sakudziwa amene anakalemba ndi zimene anabisamo. Mukangomva akuti "tiyambe tazimitsa antivirus", nyamulani makina anu muzipita. Amene ali ndi chiphaso chenicheni cha pulogalamu safunika kuthamangitsa mlonda pakhomo kuti alowe.

Makina akale satayidwa. Ambiri ndimawaika Linux Mint m'malo mwa Windows, yaulere mwalamulo ndipo imalandirabe zigamba. Menyu yake ili pansi kumanzere, pomwe zala zanu zinazolowera. Mungaiyese kuchokera pa fulashi osafufuta kanthu, muone ngati pulinta ikumva ndiponso ngati LibreOffice, imene imalowa m'malo mwa Office, ikutsegula bwino mafailo anu a Word ndi Excel, pakuti ena ovuta amatuluka atasokonekera mizere. Ngati ntchito yanu imadalira pulogalamu ya Windows yokha, sungani ndalama za makina ena, yakaleyo muichotse pa intaneti.

Amayi a ku Chilenje aja masiku ano amalemba m'buku lachikuto cholimba. Laputopu ndinaikonza, ili ndi Mint, koma amene amaigwiritsa ntchito ndi mdzukulu wawo.