Mphamvu yotayika pa siteshoni ndi msika wa magetsi wodutsa malire

Siteshoni ya malasha ikatentha matani atatu, mphamvu imene imasanduka magetsi ndi ya tani imodzi yokha, mwina kuposerapo pang'ono. Yotsalayo imathawa ngati kutentha. Mtambo woyera wotuluka pa zinsanja zikuluzikulu zija, umene ambiri amauyesa utsi, ndi nthunzi ya madzi oziziritsira makina, ndipo mphamvu yochuluka imathera mmenemo. Si kulephera kwa mainjiniya ayi. Makina alionse odalira moto popukusa jenereta sangachitire mwina koma kutaya kutentha kwina. Chimene tingathe n'kuchepetsako chabe.

Masiteshoni amakono a gasi anachenjerapo. Mpweya wotentha wochoka m'makina oyamba sautaya, amawiritsira madzi kuti nthunzi yake ipukuse makina achiwiri, ndiye mphamvu yosanduka magetsi imafika pa 60 peresenti. A madzi amafika cha pa 90, poti saotcha kanthu.

Nanga msika ukubwera pati? Dziko likakhala palokha, madzulo aliyense akayatsa zake, limakakamizika kudzutsa ngakhale siteshoni yokalamba yomeza mafuta, kapena majenereta a dizilo. Koma mayiko akalumikiza nthambo n'kukhala ndi msika umodzi, opanga magetsi amatchuliratu mitengo ya ola lililonse la mawa. Oyendetsa msika amayambira kwa wotchipa, n'kumakwera mpaka magetsi ofunika atakwana. Wowononga mafuta mtengo wake umakhala wokwera, choncho nthawi zambiri sagulidwa, ndipo makina ake amagona.

Norway ndi Sweden anayamba kugulitsana motere mu 1996 pa msika wa Nord Pool, kenako Finland ndi Denmark analowamo. Mphepo ikawomba kwambiri ku Denmark, Norway imagula magetsi otchipawo n'kusunga madzi m'madamu ake. Mphepo ikaleka, madamu amatsegulidwa. Kum'mwera kwa Africa kuli msika wotere wotchedwa Southern African Power Pool, womwe unakhazikitsidwa mu 1995, ndipo ofesi yake ili ku Harare.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthambo timaziiwala. Nthambo iliyonse ili ndi malire a magetsi amene ingasenze. Ikadzaza, magetsi otchipa amatsakamira tsidya lina, mitengo ya mbali ziwirizo imasiyana, ndipo siteshoni yokalamba ija imadzutsidwanso ngakhale mgwirizano unasainidwa kale. N'chifukwa chake ndikamva za siteshoni yatsopano, ndimayamba ndafunsa kukula kwa nthambo imene idzatulutse magetsiwo.